Malume Gelevazio ndi Nkhata ya Pansi pa Ubongo

Pepani kuti ndalimba mtima kulemba. Sukulu yanga ndi ya kumudzi, ndipo za m'kati mwa mutu wa munthu ndikudziwa zokhazo zimene malume anandiuza. Ngati ndaphonya penapake, madokotala andikhululukire, cholakwacho ndi changa, si cha malemu. Ndisanayambe ndinapempha chilolezo kwa amayi. Akutong'ola chimanga, osandiyang'ana, anati, "Lemba. Koma usawonjezere."

Malume anga a Gelevazio anamwalira mu Juni chaka chino kwawo, kufupi ndi Ludzi. Anali mlongo wa amayi, woyamba kubadwa, mwini mbumba yathu. Pa maliro awo panabwera anthu ochepa kwambiri, moti amayi a nyimbo anasowa owathandiza kuyankha. Anthu ambiri kuno amakhulupirira mpaka lero kuti malume ndiwo anapha bambo anga ndi nyundo ya ufiti. Ine ndikudziwa kuti si zoona. Ndakhala chete zaka zitatu chifukwa malumewo anandiuza kuti ndikhale chete.

Anali munthu wamfupi, wouma thupi, wa zala zazitali. Asanadye ankasamba m'manja mpaka m'zigongono, ngakhale chakudyacho chikhale chinangwa chootcha. Moni wawo unali wovuta. Ukawapatsa dzanja, zala zawo zinkatsetsereka n'kukagwira pamkono pamene mtsempha umagunda, maso ali pa wotchi, n'kuiwala kuti mwafunsana za kunyumba. Panjinga pawo sipankasowa kachikwama kokhala ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi, ndipo ankayeza aliyense wovomera, kaya pachigayo kaya potuluka m'tchalitchi. Munthu akawatchula kuti adokotala ankakwiya. Ankati iwo si dokotala, ntchito yawo inali kudula ndi kupaka utoto basi.

Ndi amayi ankakangana za mchere nthawi iliyonse akabwera kwathu.

"Nambewe, iwe ukufuna kupha alamu anga? Ndiwo izi wathira mchere kapena mcherewo wauthira ndiwo?"

"Achimwene, mukufuna ndisiye kuthira mchere kuti mudzi wonse uzindifunsa kuti ndachita chiyani? Idyani, kapena mukaphike nokha ku Ludzi kwanuko."

Bambo ankaseka n'kuwonjezera mchere wina pambale yawo, dala, malume akuona.

Ntchito imene ankanenayo anaigwira zaka zambiri mumzinda, mu labotale ya sukulu yophunzitsa madokotala. Zaka zawo zomaliza kumeneko anazithera pa mitsempha ya magazi ya mu ubongo. Ankafotokoza kuti kachidutswa ka mtsempha amayamba akaumitsa m'mankhwala, kenako amakakwirira m'phula ngati la kandulo, n'kukadula ndi makina mopyapyala kuposa khungu la anyezi. Kachidutswako amakayala pa kagalasi, kukapaka utoto, ndiye kakonzeka kuonedwa pa maikulosikopu, makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Ankanyadira kuti manja awo sankanjenjemera. Atapuma ntchito anawapatsa maikulosikopu yakale, ya kalilole wotengera kuwala kwa dzuwa, pamodzi ndi bokosi la timagalasi tophunzitsira timene tinali titasiya kugwiritsidwa ntchito.

Akafuna kukufotokozera, ankazula udzu n'kuupinda ngati nkhata yosenzera mtsuko. Ankati pansi pa ubongo mitsempha yochokera kutsogolo kwa khosi ndi yochokera kumbuyo imakumana n'kupanga nkhata yoteroyo, kuti njira imodzi ikatsekeka magazi athe kuzungulira kwina. M'mabuku nkhatayo amaijambula yathunthu, yokongola. Koma iwo ankati mwa anthu ambiri amene anawaona ndi maso awo, mbali ina inali yopyapyala ngati ulusi, mwinanso kusoweratu. Ankadandaula kuti zithunzi zambiri za m'mabuku zinajambulidwa poyang'ana anthu akutali, ndipo ankati ndi ulemu kuti ifenso tidziwe za m'mitu mwathu. Khoma la mtsempha ankati lili ndi zigawo zitatu: mkati muli kansalu kosalala kokhala pa kamzere kopindikapindika ngati mphira, pakati pali mnofu, kunja kachikuto. Mitsempha ya mu ubongo makoma ake ndi opyapyala kuposa ya kwina, ndipo pa mphanda, pamene mtsempha umagawikana pawiri, ndi pofooka. Magazi akamathamanga kwambiri zaka ndi zaka, pamenepo pamatha kutupa ngati chubu cha njinga chotha, tsiku lina n'kuphulika.

Zimenezi ndinazimva kambirimbiri ndili wamng'ono, ndipo ndinkangovomera kuti asakhumudwe.

Bambo anga a Lazaro anali mlimi wa fodya. Anatenga amayi chitengwa, choncho ife tinakulira kumudzi kwa bambo, cha ku Kachebere, pakati pa abale awo. Anamwalira m'mawa wina mu Meyi, ali m'chigafa kusankha fodya. Anangofuula kuti mutu, atagwira kunkhongo, anasanza, n'kugwa. Pamene ng'ombe zinkamangidwa pangolo n'kuti atatsirizika. Sanadwalepo, ndipo zaka makumi asanu anali asanafike.

Kwathu munthu akagwa chonchi amati wamenyedwa nyundo. Ndipo panali chonamizira. Sabata imodzi m'mbuyomo bambo ndi amayi anayambana chifukwa cha mayi wina wa kutsidya kwa malire, ndipo amayi, atapsa mtima, anafuula pabwalo kuti, "Muona!" Mudzi wonse unamva.

Amene anatsogolera nkhaniyi anali a Sakala, mkulu wawo wa bambo, amene ife timawatchula atate aakulu. Amachita malonda odutsa malire, ndipo chilankhulo chawo chimasakaniza za uko ndi za kuno, moti pofuna kunena kuti "tsopano" amati "manje." Analamula adzukulu kuti asakumbe manda mpaka wamasiye anene chimene anachita. Adzukulu anakhala pansi ndi makasu awo. Amayi anawatsekera m'nyumba, azakhali awiri atakhala pakhomo. Kenako mnyamata wina wa a Sakala anabwera ndi botolo la petulo n'kuliika pakhonde pathu, pansi pa denga la udzu. Analiika n'kubwerera.

Ndinabwereka foni n'kuimbira malume. Anafika dzuwa lili pamutu, thukuta lili kamukamu, n'kukhala pamphasa ya amuna atavula chipewa.

"Alamu, pepani ndi zovutazi. Ndamva kuti mukuti m'bale wanu waphedwa."

"Sitikuti. Waphedwa," anatero a Sakala.

"Ndiye ndi nkhani ya apolisi. Munthu wophedwa saikidwa asanapimidwe."

"Apolisi adziwa chiyani za nyundo? Manje mufuna kutiphunzitsa maliro kwathu kuno?"

"Ayi, alamu. Ndikufuna tione limodzi. Inu ndi ine, ndi maso athu. Mukapeza kuti mlongo wangayu walakwa, ndidzamutulutsa m'nyumbamo ndine."

Sanadikire yankho. Anakwera njinga mpaka ku Boma, ndipo madzulo asanafike galimoto ya apolisi inabwera kudzatenga thupi. Masiku awiri amene tinkadikira dokotala wochokera ku Lilongwe, amayi sanatuluke. Ine ndinkawapatsira madzi pawindo. Botolo lija linali pomwepo, ndipo nkhuku zikaliyandikira ndinkazipirikitsa.

Thupi linapimidwa a Sakala ndi malume ali pomwepo. Malume anandiuza pambuyo pake kuti dokotala anawaonetsa magazi oundana pansi pa ubongo, ndi kathumba kakang'ono ngati nandolo kamene kanang'ambika pa mphanda ya mtsempha. Malumewo anatuluka m'chipindamo akuganiza kuti nkhani yatha. Koma a Sakala atafika kumudzi anauza anthu zina.

"Ndaona ndekha. Chigaza chilibe bala ngakhale pang'ono, koma m'kati magazi okhaokha. Chimene chimamenya m'kati osaswa kunja n'chiyani? Ngakhale dokotala waona."

Tsiku loika maliro linafika manda asanakumbidwe. M'mawa umenewo malume anabwera ndi katundu pakaliyala, womangidwa bwino ndi mphira. Anapempha mtondo, anauvundikira pakati pa bwalo, n'kuikapo maikulosikopu yawo. Anatembenuza kalilole uja mpaka anagwira dzuwa. Anatsegula bokosi, nasankha kagalasi kamodzi, nakapukuta ndi mpango.

"Alamu, bwerani muone. Nditsutseni mutaona."

A Sakala anazengereza, koma anthu ankawayang'ana. Anawerama, anatsinzina diso limodzi, ndipo anakhala choncho nthawi yaitali.

"Ah! Zili ngati chitenje," anatero.

Anthu ena anaseka, koyamba m'masiku atatu. Malume nkhope inawala.

"Kamzere kakuda kopindikako mwakaona? Ndiye mphira wake. Kofiirako ndi mnofu. Tsopano tsatirani kumanja, pamene pakugawikana. Mwaona kuti mnofu wachepa? Pamenepo ndi pamene panaphulika mwa alamu anga. Palibe anawamenya. Ndi magazi awo omwe, akukankha tsiku ndi tsiku."

Anthu anayamba kuima pamzere. Mphunzitsi wina wa pasukulu ya pulayimale anaona n'kugwedeza mutu kuvomereza. Ngakhale adzukulu awiri anasiya makasu n'kubwera. Ine ndinathamangira pawindo kukauza amayi kuti zikuyenda.

Nditabwerera ndinapeza azakhali aakulu, mlongo wawo wa bambo, atawerama pamakinawo. Anadzuka n'kuloza kagalasi kaja ndi chala.

"Kanthu kali apaka n'kachiyani?"

"Ndi mtsempha, mayi."

"Wa mbuzi?"

"Ayi. Wa munthu."

"Munthu wake uti?"

"Dzina sindilidziwa. Timangolemba nambala."

"Nanga m'bokosimo?"

"Onsewo ndi anthu. Aliyense ndi wosiyana ndi mnzake, n'chifukwa chake ndimati..."

Sanamalize. Mzere uja unamwazika ngati pagwa njoka. Azakhali ankapukuta diso ndi chitenje, akulavula. Malume anayang'ana uku ndi uku, osamvetsa, kagalasi kena kali m'manja.

"Mumasunga anthu m'nyumba," anatero a Sakala, motsitsa mawu. "Zaka zonsezi mumagona ndi mitu ya anthu m'bokosi."

Pomwepo mkulu wina anakumbukira za Pasaka. Anati anaona ndi maso ake malume atagwira mkono wa bambo kunja kwa tchalitchi, n'kuwauza kuti akapanda kuyamba mankhwala mutu wawo udzaphulika tsiku lina. Zinali zoona, ndinaliponso ine. Bambo anaseka tsiku limenelo n'kunena kuti alamu awo amaopseza anthu ngati katekisiti.

"Anachita kuneneratu!" anafuula mayi wina.

Khasu loyamba linagwera pabokosi. Timagalasi tinamwazika pafumbi, ndipo anyamata anatipondaponda. Maikulosikopu anaimenyetsa pamtondo mpaka khosi lake linathyoka. Malume anatsegula pakamwa, ndipo ndikudziwa kuti ankafuna kufotokoza, chifukwa anakweza chala monga ankachitira nthawi zonse. Koma nthawi yomweyo mnyamata uja anakwera pakhonde pathu, anatenga botolo la petulo, n'kubwera nalo pabwalo. Azakhali amene anatsala pakhomo nawonso anadzuka n'kubwera. Pakhomo pa amayi panatsala popanda munthu.

Ndinaona malume akuyang'ana khomo limenelo. Kenako anatsitsa chala.

"Manje nenani pamaso pa anthu," anatero a Sakala. "Mlongo wanu akudziwapo kanthu?"

"Nambewe sadziwa kanthu. Bokosili sanaliwonepo chibadwire."

"Nanga inu?"

Malume anawerama n'kutola chipewa chawo. Mlanduwo sanaukane.

Chimene chinawapulumutsa ndi wapolisi amene anaperekeza thupi, yemwe anali asanabwerere. Anaima pakati, n'kulanda botolo. Mwala umodzi unawapeza malume pamwamba pa khutu. Anachoka akukankha njinga, magazi akutsikira m'kolala, osacheuka. Adzukulu anatola makasu awo n'kupita kumanda, ndipo bambo anaikidwa masana omwewo. Amayi anawalola kutuluka kuti akalire mwamuna wawo.

Chigamulo cha abale a bambo chinali chakuti amayi akhale pamudzi, alime munda, palibe adzawakhudze. Koma kusudzula, mwambo womasula wamasiye kuti akhale mfulu ndi kubwerera kwawo, anati sudzachitika mwini nyundo ali moyo. Ndipo tsiku limene amayi adzaponde ku Ludzi, aliyense adzadziwa kuti iwo ndi malume anali limodzi pa ufitiwo.

Mbiri inafika ku Ludzi malume asanafike. Anthu amene ankawapatsa mikono pachigayo anayamba kupinda manja akawaona. M'tchalitchi benchi yawo inkakhala ya iwo okha. Ena anayamba kukumbukira abale awo amene anayezedwa ndi malume kenako n'kufa ziwalo, osakumbukira kuti anayezedwa chifukwa ankadwala kale. Mkazi wawo anali atamwalira kalekale ndipo analibe ana, kotero panalibe wowayankhira.

Ndinawayendera kamodzi kokha, patatha chaka, nditanamiza kwathu kuti ndikupita ku Boma. Tinakumana panjira ya kumunda kwawo. Anali ataonda, ndipo chipsera chinkaoneka pamene tsitsi linakana kumera.

"Mayi ako akudziwa kuti wabwera?"

"Ayi, malume."

"Wachita bwino. Usabwerenso."

Ndinawauza kuti ndikufuna kupita kwa abambo mfumu a parishi, kapena kwa aliyense, ndikanene zoona. Anakwiya kuposa m'mene ndinawaonerapo.

"Iwe mwana, ukanditsuka ine, litsirolo lipita kuti? Imfa ija ikufuna mwini. Ukaichotsa pa ine ibwerera pakhonde pa mayi ako. Wamva?"

"Ndamva."

"Nena kuti wamva."

"Ndamva, malume."

Atakhala pang'ono mtima unatsika. Anati kulakwa kunali kwawo. Anakhala zaka zambiri pakati pa anthu amene akakangana amatha mkangano poyang'ana pagalasi, mpaka anaiwala kuti kwathu munthu wakufa amaikidwa yense, ndipo wosunga kachidutswa kake ali ndi dzina limodzi lokha: mfiti. Anadandaulanso za kagalasi kamene a Sakala anaonera. Anati m'moyo wawo wonse sanadulepo kena kosalala ngati kameneko, mphanda yonse kuoneka bwinobwino popanda khwinya.

Ndinafunsa funso limene linkandivuta chaka chonse. "Bwanji simunangonena kuti ndi wa mbuzi?"

Anaseka pang'ono. "Sindinaganize n'komwe. Ndinali wokondwa kuti akufunsa." Kenako anati, "Koma ndikanati mbuzi, anthu akanaona, akanasangalala, n'kubwerera kwa mayi ako. Botolo lija likanachoka pakhonde? Bwera ndi mkono."

Anandiyeza pomwepo, panjira, nditakhala pachulu. Anati zili bwino, koma kufooka kwa mitsempha nthawi zina kumayenda m'magazi a banja, ndiye ndiziyezetsa chaka chilichonse. Anawonjezera kuti ndikapeza mpata ndiwauze atate aakulu akayezetsenso, koma ndisanene kuti mawuwo achokera kwa iwo. Ndinavomera. Mpaka lero sindinawauze, ndimaopa.

Anamwalira ndi chibayo, m'nyengo yozizira. Uthenga utafika, amayi anali akupeta mtedza. Anaika lichero pansi, analowa m'nyumba, natseka chitseko. Azakhali anakhala pakhonde lawo tsiku lonse, makutu ali kwathu, kudikira kuti amve ngati amayi alire. Amayi sanalire. Ku maliro ndinapita ndekha.

Patapita miyezi iwiri a Sakala anaitanitsa abale. Mwambo sunatenge nthawi. Ananena kuti mwini nkhani wapita, pamudzi payera, ndipo Nambewe ndi womasuka, akhoza kukhala kapena kupita kwawo. Amayi anagwada n'kuwomba m'manja.

"Zikomo, alamu."

"Munatisungira bwino m'bale wathu," anatero a Sakala. Ndikukhulupirira kuti ankanena kuchokera pansi pa mtima.

Katundu tinali titamanga kale. Tinakwera ngolo, ndipo tinafika ku Ludzi dzuwa litapendeka.

Njira yolowera pakhomo pa malume inali itamera udzu, ndipo anthu anali atatsegula ina yokhota, yodutsa kuseri kwa nsungwi. Mapapaya anapsa n'kugwa okha, ali mbwee pansi, popanda mwana wotola. Chitseko chinali chomangidwa ndi waya. M'kati munali mosesa bwino, koma fumbi litayamba kukhala. Patebulo panali mbale imodzi, kapu imodzi ndi supuni imodzi. Mpando unali umodzi. Wachiwiri tinaupeza utapachikidwa kudenga ndi chingwe kuti chiswe chisaudye, akangaude atamangapo nyumba.

Amayi anaima pakati pa chipinda, mtolo uli pamutu. Ndinawathandiza kutula. Anakwera patebulo okha, anamasula mpando uja, anaupukuta ndi chitenje, nakhalapo. Kenako anayamba kulira maliro, mokweza, akuitana "achimwene, achimwene," monga amalirira munthu amene wangotsirizika kumene. Anthu oyandikana nafe anatuluka m'nyumba zawo n'kuima patali. Palibe anabwera, ndipo palibe anawaletsa.

Linali tsiku la 15 Ogasiti, chaka chino.